Kaonedwe ka Mad Men koti ikulowereni m'magazi

Ma DVD a Mad Men anakhala m'kabati mwanga miyezi 8 osagwiridwa. Achimwene anga ndiwo anabwera nawo kuchokera ku Johannesburg, bokosi lathunthu, ati poti ndimagwira ntchito pamalo osindikizira mapositala ndi makalendala ku Limbe ndiye kuti ndikaikonda. Ndinayesadi usiku wina, magawo awiri, koma ndinangomva ngati ndakhala pabenchi ya kuchipatala kudikira kuti aitane dzina langa. Wowombera mfuti panalibe, othamangitsana pagalimoto panalibe, anthu ovala masuti angokhala m'maofesi kusuta ndi kumwa. Ndinatseka n'kubweza m'kabati. Pofika chaka chotsatira ndinali nditaonera sewero lonse kawiri, ndipo mpaka lero kasitomala akabwera ndi mawu oti tiike pa positala ndimayamba ndamufunsa kuti munthu wodutsa pamsewu akufuna amve chiyani mumtima akawerenga. Funsoli ndinalitola mmenemo. Ndiye ngati nanunso munayesapo n'kugwa ulesi, kapena mukungofuna kuyamba, nazi zomwe zinandithandiza ine.

Muyambe mwadziwa kukula kwa mtolo womwe mukusenza. Seweroli analiyambitsa ndi Matthew Weiner, yemwe analembako sewero lina lotchedwa The Sopranos, ndipo linaonetsedwa pa kanema wa AMC ku America kuyambira July 2007 mpaka May 2015. Lili ndi masizoni 7, magawo onse pamodzi 92, gawo lililonse mphindi pafupifupi 47. Nkhani yake imachitikira ku New York, m'kampani yotsatsa malonda yotchedwa Sterling Cooper yomwe ili pamsewu wa Madison Avenue, kumene makampani otere anadzazana m'masiku amenewo. Imayamba mu March 1960 n'kudzatha chakumapeto kwa 1970. Pakati pa zonse pali Don Draper, mkulu wa anthu opeka mauthenga amalonda, yemwe amaseweredwa ndi Jon Hamm. Seweroli linatenga mphoto ya Emmy ya sewero lopambana zaka 4 zotsatizana, 2008 mpaka 2011. Mphotozo zisakukakamizeni kulikonda, koma zikupatseni chifukwa chopirira masabata awiri oyamba.

Pangano la magawo 13

Pangano lake ndi ili: musaweruze musanamalize sizoni yoyamba. Ndikudziwa kuti magawo 13 ndi ambiri kwa munthu amene amaweruka 5 koloko n'kukafika kunyumba mdima utagwa, mwana akudikira homuweki. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo seweroli ndi nkhono yeniyeni. Masewero omwe tinazolowera amatikoka ndi funso loti kenako chichitika n'chiyani. Ili limakoka ndi funso lina, loti munthu uyu bwanji wanena izi pamene nkhope yake ikunena zina. Funso limeneli silimagwira munthu tsiku limodzi. Muyenera kuyamba mwawazolowera anthuwo, mwadziwa kasekedwe ka Roger Sterling, bwana wa Don, akafuna kubisa mantha, mwadziwa mmene Betty, mkazi wa Don, amagwirira ndudu akakwiya, kenako chete wawo amayamba kuyankhula.

Onerani gawo limodzi usiku umodzi, awiri ngati ndi Loweruka. Ine nditayesa kumeza magawo asanu tsiku limodzi pa sizoni yachitatu, zonse zinangosakanikirana ngati ndiwo zotsala, ndipo ndinabwereza. Gawo lililonse linalembedwa ngati kankhani kapadera kokhala ndi mutu wake, ndiye limafuna kuti mugone nalo, mudzuke nalo, mulikumbukire muli mu minibasi.

Foni ikhale kuchipinda china. Izi ndikunena motsindika chifukwa zinthu zazikulu mu Mad Men zimachitika popanda mawu: wina wayang'ana chitseko kamphindi, wina wavula ndolo imodzi kuti ayankhe telefoni, wina wabweza kapu osamwa. Mukaweramira pa WhatsApp masekondi khumi, mudzutsa mutu n'kupeza anthu awiri asiya kuyankhulana inu osadziwa chawadanitsa. Muyatsenso mawu olembedwa pansi aja. Chingerezi chawo n'cha ku New York, chothamanga, chodzaza ndi mayina a makampani ndi nthabwala za nthawi imeneyo, ndipo kuwerenga kumathandiza kwambiri. Laputopu muitchajiretu masana. Magetsi anandithimirapo pakati pa gawo lomaliza la sizoni yachitatu, pomwe zinthu zinali zitafika pakolasinga, ndipo usiku umenewo tulo sindinatione bwino.

Chinthu china chimene chimaononga: musafufuze dzina la Don Draper pa intaneti. Ngakhale pa Google pokha musalembe. Munthuyu ali ndi chinsinsi chimene sizoni yoyamba imatsegula pang'onopang'ono ngati mkeka, ndipo mzere woyamba womwe mungapeze pa intaneti umaulula zonse.

Yambani ndi Peggy

Ambiri amatsatira Don chifukwa ndiye ali pachikuto. Ine ndikuti maso anu ayambe akhala pa Peggy Olson, amene amaseweredwa ndi Elisabeth Moss. Gawo loyamba ndi tsiku lake loyamba pantchito, mtsikana wochokera ku Brooklyn, wangomaliza kumene sukulu ya usekilitale, ndipo sadziwa kanthu za malowa monga mmene inu simukudziwira. Joan Holloway, mkulu wa masekilitale, amamuzungulitsa mu ofesi n'kumamuuza malamulo osalembedwa: kavalidwe, anthu oti aziwasangalatsa, zoti asamaone. Amamuonetsa makina otayipira n'kumulimbitsa mtima kuti asaope, amuna omwe anawapanga anawafewetsa kuti ngakhale mkazi athe kuwagwiritsa ntchito. Joan amanena zimenezi mokoma mtima, akuona ngati akumuthandiza, ndipo pamenepo m'pomwe zimabaya.

Gawo la 6 ndi lomwe linandigwira ine ulendo wachiwiri uja. Kampani ya lipisitiki yabweretsa mitundu yambirimbiri, masekilitale aikidwa m'chipinda kuti aziyesa, amuna akuwaonerera kuseri kwa galasi loonera mbali imodzi uku akumwa n'kumawaseka. Atsikana onse akupaka, Peggy wangokhala. Pomaliza akutolera timapepala tomwe anzake apukutira milomo, n'kupereka dengu la zinyalalalo kwa Freddy Rumsen, wolemba mauthenga wakalekale, akulitchula kuti ndi dengu la zipsompsono. Freddy akuima kaye. Wamva chinthu chimene amuna onse a m'chipinda muja analephera kupeka.

Ndinaimitsa DVD pamenepo. Ine ntchito ndinayamba ngati wotayipa makhadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro. Tsiku lina kunabwera bambo wina wogulitsa matiresi, atalemba positala yodzaza ndi miyezo ya mainchesi ndi mitengo. Ndikutayipa ndinangoti, bwanji pamwamba tilembe zoti msana wanu wagwira ntchito tsiku lonse, usiku upumeko. Bamboyo anakondwa, anawonjezera oda, koma pouza abwana anati mnyamata wathu wojambula ndiye ali ndi mutu. Ndinangoti zii, kupitiriza kutayipa. Choncho nditaona nkhope ya Peggy, sindinafunikenso wina wondikakamiza kuika gawo la 7. Ngati munagwirapo ntchito pansi pa munthu, mupezamo wanu mu ofesi imeneyi. Mwina ndi Pete Campbell, mnyamata wa kubanja lotchuka amene amalakalaka ulemu mpaka kudziwononga yekha. Mwina ndi Joan, wodziwa ntchito kuposa mabwana ake onse. Mukampeza, mugwireni mkono, ndiye akulowetseni.

Mvetsani ntchito yawo

Zambiri zimamveka mukadziwa mmene ndalama zimayendera. Masiku amenewo kampani yotsatsa malonda inkadya 15 peresenti ya ndalama zomwe kasitomala walipira kunyuzipepala, kuwailesi kapena kukanema. Ndiye kasitomala mmodzi wamkulu akachoka, anthu makumi angapo ntchito yatha. Mu ofesimo muli magulu awiri omwe amafunana koma sakondana. Gulu la Roger ndi Pete ntchito yawo n'kusamala makasitomala, kuwadyetsa, kuwamwetsa, kuwaseka nthabwala zosaseketsa. Gulu la Don ndi lopeka mawu ndi zithunzi. Mkangano uliwonse woti ndani wabweretsa ndalama umachokera pamenepa, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito pamalo pomwe pali wolandira oda ndi wopanga katundu audziwa mkanganowu.

Tsono tcherani khutu nthawi iliyonse Don akaimirira kutsogolo kwa makasitomala. M'gawo loyamba, eni ake a ndudu za Lucky Strike abwera ali ndi nkhawa: magazini ya Reader's Digest yalemba zoti fodya amayambitsa khansa, ndipo boma silikulolanso kunena kuti ndudu zakutizakuti n'zabwino pa thanzi. Don alibe chonena, msonkhano watsala pang'ono kupasuka. Kenako akufunsa mwini kampani kuti fodya wawo amamukonza bwanji. Mkuluyo akufotokoza za kudzala, kudula, kuumitsa, kuwamba pamoto. Don akugwira liwu lomalizalo n'kulilemba pabolodi: "It's toasted." Mwana wa mwini kampani akuti makampani onse amachita chimodzimodzi. Don akuti ayi, fodya wa ena onsewo ndi poizoni, wa Lucky Strike ndi wowamba. Mfundo yake n'njoti anzawo azivutika ndi nkhani ya poizoni, iwo azikamba za kuwamba. Mawuwa ndi enieni, ngakhale kuti Lucky Strike inayamba kuwagwiritsa ntchito cha m'ma 1917, olemba seweroli anangowasunthira kutsogolo.

Gawo limeneli limandikhudza mwapadera chifukwa ndinakulira ku Kasungu, mwana wa mlimi wa bale. Ndinasokapo fodya mpaka zala kuda ndi utomoni, ndinagonapo ndi fungo la chigafa m'zovala, ndinaonapo bambo akudinda mabelo usiku ndi nyali kuti lole ya ku Kanengo isawasiye. Bale ndi mmodzi mwa mitundu ya fodya yomwe imasakanizidwa m'ndudu za ku America. Ife tinkadziwa mbali yathu yokha, yothera pa okushoni. Seweroli linandionetsa mbali inayo, chipinda cha pamwamba pa nyumba yosanja momwe anthu osagwirapo khasu amakhala n'kumaganiza mawu oti munthu asaope chinthu chomwe chikumupha. Kuyambira pamenepo nkhani ya Lucky Strike ndinkaitsatira ngati ya pachibale, ndipo imapitirira mpaka sizoni yachinayi, pomwe imafika pachimake.

Kenako pali gawo la 13, lotseka sizoni yoyamba. Akuluakulu a Kodak abweretsa makina oonetsera zithunzi pakhoma, okhala ndi chimbale chozungulira pamwamba, ndipo akufuna uthenga wotamanda luso la gudumu lawolo. Don akuthimitsa magetsi, akuika zithunzi za banja lake lenileni: ana akusewera, mkazi wake ali woyembekezera, tsiku la ukwati. Akuyankhula za kupweteka kwa kukumbuka, za kulakalaka kubwerera pamalo pomwe munthu ankadziwa kuti amakondedwa. Mmodzi mwa anyamata a mu ofesi akutuluka misozi ili m'maso. Inu amene mwaona magawo 12 mukudziwa zomwe Don wakhala akulichita banja limenelo, ndiye simudziwa ngati akunama kapena akunena zoona koyamba. Zonse ziwiri n'zoona nthawi imodzi. Munthuyu sangathe kuuza mkazi wake zomwe zili mumtima, koma amaziuza alendo pofuna kugulitsa makina. Mukafika pamenepa mtima osagunda, bwezani ma DVD kwa eni ake, palibe mlandu. Koma onse amene ndinawabwereka anapempha sizoni yachiwiri m'mawa mwake.

Khalani ndi kalendala m'mutu

Seweroli silimalemba chaka pagalasi kawirikawiri. Mumadziwira pa zomwe zikumveka pawailesi kapena zikuoneka pakanema wa pakona. Ndiye kudziwako pang'ono mbiri ya America kumawonjezera kukoma. Sizoni yoyamba ili ndi chisankho cha Kennedy ndi Nixon cha November 1960. Yachiwiri imalumpha kufika 1962, chaka chomwe Marilyn Monroe anamwalira komanso dziko linatsala pang'ono kulowa m'nkhondo ya mabomba a nyukiliya chifukwa cha mizinga ya ku Cuba. Yachitatu ndi 1963. Kumayambiriro kwake muona khadi loitanira anthu ku ukwati wa mwana wa Roger, lolembedwa 23 November. Amene akudziwa kuti Kennedy anaphedwa pa 22 November amakhala sizoni yonse mtima uli m'mwamba, akuonera anthu akukangana za madiresi ndi mipando. Sizoni yachisanu ndi chimodzi ili ndi imfa ya Martin Luther King mu April 1968, ndipo yomaliza ili ndi anthu oyamba kuponda pamwezi mu July 1969.

Ine ndinkachitanso kena kake: sizoni iliyonse ndinkawafunsa amayi kuti chaka chimenecho anali kuti. Sizoni yachinayi imayamba chakumapeto kwa 1964, miyezi yochepa dziko lathu litalandira ufulu, ndipo amayi akuti nthawi imeneyo n'kuti akuyamba kumene sukulu, opanda nsapato, atanyamula sileti. Zimathandiza kuona kuti nsapato zonyezimira za Madison Avenue ndi mapazi a amayi anga zinkaponda dziko limodzi tsiku limodzi.

Yang'anani m'mphepete mwa chithunzi

Pali chinthu chimene woonera wakuda sangachiphonye. Munthu woyamba amene Don akuyankhula naye m'sewero lonse ndi bambo wachikulire wakuda wogwira ntchito mu bala, akumufunsa chifukwa chomwe amasutira ndudu za Old Gold. Asanayankhe bwinobwino, bwana wake mzungu wafika kale kudzafunsa ngati akumuvutitsa kasitomala. Kuchokera apo anthu akuda amakhala m'mphepete: Hollis woyendetsa chikepe, Carla amene kwenikweni ndiye akulera ana a Don, osesa, operekera zakumwa. Sekilitale woyamba wakuda, Dawn, amalowa mu ofesi m'sizoni yachisanu, 1966. M'sizoni yachitatu muli malo ena pomwe Roger akuimba paphwando atadzipaka zakuda kumaso, alendo akuseka. Ndikukuchenjezeranitu kuti zisakudzidzimutseni.

Anthu amatsutsana ngati seweroli linachita bwino kapena ayi pankhaniyi. Ine maganizo anga ndi akuti linaonetsa zoona za maofesi amenewo, koma linali ndi magawo 92 ndipo likanatha kutiperekeza kunyumba kwa Carla ngakhale kamodzi. Silinatero, ndipo zimandiwawa. Komabe muziyang'ana nkhope ya Carla nthawi iliyonse Betty akuyankhula. Wosewerayo amanena zambiri ndi maso kuposa mawu omwe anamulembera.

Chimodzimodzinso ndi zina zomwe lero zimatidabwitsa. Dokotala akusuta uku akupima wodwala, mayi woyembekezera ali ndi tambula ya mowa m'manja, banja likumaliza kudya pa kapinga n'kukutumula nsalu zinyalala zonse n'kuzisiya pomwepo. Seweroli silimaima kuti likuuzeni kuti izi n'zoipa. Limangopitirira, kuweruza n'kwanu. Za mowawo ndinenepo chimodzi, chifukwa ndamvapo anyamata ena akusirira botolo la wisiki la mu ofesi ya Don. Dikirani muone zomwe limamuchita Freddy m'sizoni yachiwiri, ndi zomwe limamuchita Don mwini wake m'sizoni yachinayi. Ndudu zomwe osewerawo ankasuta pojambula zinali za masamba ena opanda fodya.

Pomwe mungafooke

Sizoni yachiwiri imayenda pang'onopang'ono kuposa yoyamba, ndipo anthu ambiri amagwera pamenepa. Pirirani. Yachitatu ili ndi gawo la 6, momwe makina otchetchera kapinga a John Deere amalowa mu ofesi pa tsiku la phwando, ndipo sindinena zambiri, kungoti musaonere mukudya. Gawo lotseka sizoni imeneyo limathamanga ngati filimu ya akuba, ndipo ndi lomwe ndimabwereza ndikakhala ndi tsiku loipa kuntchito.

Mphoto yeniyeni ya kupirira kwanu ndi gawo la 7 la sizoni yachinayi, lotchedwa The Suitcase. Ndi gawo la 46, pakatikati penipeni pa magawo 92. Tsiku lake ndi 25 May 1965, usiku wa nkhonya yachibwereza ya Muhammad Ali ndi Sonny Liston, yomwe inatha m'raundi yoyamba. Onse apita kukaonera, ndi tsiku lobadwa la Peggy ndipo akumudikira kumalo odyera, koma Don wamutsekereza mu ofesi kuti apeze uthenga wa masutikesi a Samsonite. Amakangana koopsa. Peggy akudandaula kuti Don sanamuthokozepo pa maganizo omwe amampatsa, Don akumukalipira kuti malipiro ndiwo kuthokoza kwake. Ndinamva mawu amenewo m'mimba, chifukwa ndinawamvapo m'Chichewa, pafupifupi liwu ndi liwu. Kenako usiku ukupita, anthu awiriwa akuuzana zomwe sanauzepo wina aliyense. Gawo limeneli simungalidumphire. Mphamvu yake yonse imachokera ku magawo 45 omwe mwadutsamo kale, ndiye musamvere aliyense wokuuzani kuti muyambire pamenepo poti ndi lokoma kwambiri.

Ngati n'kotheka pezani mnzanu woonera naye, kapena woti muzikambirana naye m'mawa. Ine ndi bambo akunyumba tinkatsutsana za Betty pafupifupi sabata iliyonse. Iwo ankati ndi mayi wouma mtima, ine ndinkati ndi munthu wophunzira, woyankhula Chitaliyana, amene anamutsekera m'nyumba ya ku Ossining ngati mbalame n'kumadabwa kuti bwanji akujompha. Sitinagwirizane mpaka sizoni yomaliza, pomwe iwo anakhala chete nthawi yaitali gawo lina litatha, n'kupita panja kukaima pakhonde.

Masizoni otsiriza sindikambapo zambiri kuti ndisakulandeni kanthu. Mungodziwa kuti sizoni ya 7 ili ndi magawo 14, kuti masuti amayamba kusintha mitundu, ndevu kumera, kompyuta yaikulu ngati chipinda kulowa mu ofesi, ndiponso kuti gawo lomaliza limatsekera ndi uthenga wamalonda weniweni wa mu 1971 womwe anthu amatsutsanabe tanthauzo lake. M'gawo lachitatu kuchokera kumapeto, muonetsetse mmene Peggy akuyendera m'khonde la ofesi atanyamula katundu wake. Mukatero mubwerere ku gawo loyamba lenileni, mukamuone ali mu chikepe m'mawa wa tsiku lake loyamba, anyamata atatu ali kumbuyo kwake akumunena iye akumva.

Bokosi la ma DVD lija pano lili ku Chilomoni kwa mng'ono wanga, amene anayamba ntchito ya pa risepushoni chaka chatha. Dzulo wanditumizira uthenga kuti wamaliza gawo la 6 la sizoni yachinayi. Ndamuuza kuti la 7 asalikhudze, Loweruka ndikwera minibasi ndi mtedza wokazinga tikaonere limodzi.